Mayi wandifunsa ngati kuthamanga kumabwezadi ukalamba, nali yankho langa

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa zaka 47, dzina sinditchula. Akuti anaona kavidiyo pa Facebook konena kuti kuthamanga kumatalikitsa ma telomere ndipo munthu amabwerera kuunyamata, nde akufunsa ngati nzoona, komanso ngati iwowo amene amangonyamula zitsulo ku jimu akutaya nthawi. Anafunsanso za timapilisi tina todula timene akuti timadzutsa telomerase.

Mayi, zikomo kwambiri pondilembera. Tiyambe ndi chinthucho. Mukudziwa chingwe cha nailoni mmene timachiwotchera kunsonga kuti chisamasuke? Telomere imagwira ntchito ngati nsonga yowotchedwa ija, ili kumapeto kwa chromosome iliyonse (timaulusi ta DNA tosunga majini mkati mwa selo) ndipo ndi DNA yongobwerezabwereza zilembo TTAGGG kambirimbiri. Selo ikagawikana kansongako kamadyeka pang'ono, ikagawikananso kamadyekanso, mpaka imafika poti selo ija yasiya kugawikana, ingokhala pamenepo yokalamba nkumatulutsa tinthu totupitsa minofu yoyandikana nayo. Wasayansi Leonard Hayflick anaona mu 1961 kuti maselo a munthu ali ndi malire ogawikana, pafupifupi ka 50. Telomerase ndi enzyme (kapuloteni kogwira ntchito m'selo) imene imawonjezeranso zilembo zija kunsonga, ndipo Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa cha ntchito imeneyi. Nde sayansi yake ndi yeniyeni ndithu.

Tsono pa za masewera olimbitsa thupi. Pa kafukufuku wa mu 2008 ku London asayansi anayeza magazi a mapasa 2,401 ndipo anapeza kuti amene ankatakataka kwambiri anali ndi ma telomere otalikirapo kuposa ongokhala, kusiyana kwake ngati kwa zaka pafupifupi 10. Ku America nako wasayansi Larry Tucker mu 2017 anaunika anthu 5,823 nkupeza kusiyana kwa zaka 9, koma tamverani apa, izi zinaoneka kwa okhawo amene ankalimbikira zenizeni, ngati kuthamanga mphindi 30 kwa azimayi kapena 40 kwa azibambo masiku 5 pa sabata, pomwe ochita apo ndi apo sanasiyane kwenikweni ndi ongokhala. Vuto la kafukufuku wamtunduwu ndi loti amangojambula anthu kamodzi, ndipo munthu wothamanga mmawa uliwonse nthawi zambiri ndi yemweyo amene sasuta fodya, amadya bwino, amagona mokwanira, nde kunena kuti kuthamanga kokhako ndi kumene kwachita zonse kumavuta.

Kafukufuku amene akukhudza funso lanu la zitsulo ndi wa ku Germany, wa Christian Werner ndi Ulrich Laufs, anatuluka mu magazini ya zachipatala ya European Heart Journal. Anatenga anthu athanzi amene sankachita masewera aliwonse nkuwagawa m'magulu mwachisawawa, ena kuthamanga mosalekeza, ena kuthamanga mwaliwiro nkumapuma pakati, ena kunyamula zolemera pa makina, mphindi 45 katatu pa sabata kwa miyezi 6, ndipo anthu 124 ndi amene anamaliza. Magulu awiri othamanga aja telomerase inakwera kawiri kapena katatu m'maselo oyera a magazi ndipo ma telomere anatalikirako pang'ono. Gulu la zitsulo silinasinthe pa mbali imeneyi.

Ndikudziwa kuti mwina mtima wagwa pansi powerenga zimenezi, koma chonde musasiye zitsulo zanuzo. Pa msinkhu wanu, makamaka mukamayandikira nthawi yosiya kusamba, mafupa ndi minofu zimayamba kuchepa mphamvu ndipo kunyamula zolemera ndi kumene kumateteza zimenezi, telomere siyeza zimenezo ayi. Komanso kumbukirani kuti anayeza maselo a m'magazi basi, osati a mtima kapena a ubongo. Chimene ndingakupempheni nchoti muwonjezerepo kenakake kothamangitsa mtima. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu, nde inu theka lake muli nalo kale, kwatsala kuyenda ndawala mpaka thukuta lituluke, kupalasa njinga, kudumpha chingwe, ngakhale kuvina kumene. Ngati muli ndi BP kapena shuga, kaonaneni kaye ndi adokotala musanayambe zothamanga mwaliwiro zija.

Za timapilisi tija, ine ndikukanizani ndithu ndipo zimandiwawa ndikamaona anthu akutayira ndalama zawo pamenepo. Maselo ambiri a khansa, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse, amayatsa telomerase yomweyi kuti azigawikana osaleka, ndipo kafukufuku wa majini waonetsa kuti anthu obadwa ndi ma telomere ataliatali amakhala pachiwopsezo chokwererapo cha khansa zina. Nde si chinthu choti munthu azingochikoka mwachisawawa ndi mapilisi ogula pa intaneti. Ndalama imeneyo kaguleni nsapato zabwino zothamangira, muyambe ndi mphindi 20 katatu pa sabata, ndipo pakatha mwezi mudzandilembere mundiuze mmene maondo akumvera, tidzaone ngati nkoyenera kuwonjezera.