"Ndi friend chabe" si yankho

Azakhali,

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton ndipo ndimagonera komweko, kwathu ku Rosettenville ndimapita Loweruka. Amuna anga ndi telala ku Fordsburg. Tinapezana konkuno ku Joni zaka zinayi zapitazo n'kungolowana, za ankhoswe tinati tidzaona tikadzapita kumudzi. Pali mkazi wina pa Facebook amene chithunzi chilichonse cha amuna anga amaikapo kamtima kofiira. Ndikafunsa amati "ndi friend chabe". Usiku amandiuza kuti agona, koma pa WhatsApp ndimawaona ali online. Ndikalemba, timizere timasanduka tabuluu, yankho ayi. Ndilibe womuuza. Nditani?

Wosowa tulo, Rosettenville

Mwanangu,

Mwamuna wakoyo sindimuikira kumbuyo. Wapeza mawu achingerezi obisalamo ndipo akudziwa chimene akuchita. Loweruka likubwerali umufunse m'Chichewa: mkaziyu ndi mbale wako, mnzako wakuntchito, kapena chibwenzi? Kwathu bwenzi ndi chibwenzi zimasiyana ndi ka "chi" kokha, koma palibe wamkulu amene amazisokoneza. Ayankhe chimodzi.

Ine mawu akuti "friend" amandipweteka mtima. Facebook imalola munthu kukhala ndi ma friend mpaka 5,000, ndipo onsewo dzina ndi limodzi: mayi ako okubala, mkazi amene unakhala naye pampando umodzi m'basi kuchokera ku Park Station mpaka ku Mwanza, ndi uja akusirira mwamuna wako. Chichewa sichichita zimenezo. Tili ndi mnansi wobwerekana naye mchere. Tili ndi mnzako amene amagona pasiwa mwana wako akamwalira. Amayi tili ndi chinjira, wosunga chinsinsi chako mpaka kumanda. Dzina lililonse lili ndi udindo wake ndi malire ake. Ukawaunjika onse m'thumba limodzi, malire amafufutika, ndiye wakuba amalowa ngati mlendo. Kamtima kofiirako anakabweretsa mu 2016, timizere tabuluu mu 2014. Anapanga ndi anthu akampani ofuna kuti maso athu asachoke pafoni, ndipo iwe ukuwapatsa tulo tako usiku uliwonse.

Koma m'kalata mwako chandiimitsa ndi china, chimene wangochidutsa ngati chaching'ono. Zaka zinayi m'nyumba imodzi popanda ankhoswe! Apa ndikukalipira iweyo. Ukuti ulibe womuuza, chonsecho foni yako yadzaza ndi anthu amene Facebook ikuti ndi anzako. Banja lako likugwedezeka ndipo palibe ngakhale mmodzi mwa iwo amene angamuitane mwamunayo n'kumukhazika pansi. Nkhoswe ndiye ali ndi mphamvu imeneyo, chifukwa mabanja awiri anamupatsa. Mwamuna wopanda womuopa amayankha mmene wafunira, ndipo uyu wazolowera.

Usanene kuti kumudzi n'kutali. Ndalama mumatumiza mwezi ndi mwezi, zimafika tsiku lomwelo. Foni yomwe ukulondera nayo mwamuna pakati pa usikuyo, imbira nayo amalume ako mawa m'mawa uwauze zonse, ngakhale akukalipire. Mwamunayonso auze akwawo. Pomwe akumudzi akukambirana, pezani akuluakulu awiri kumpingo kwanu konkuno, wina woimira iwe wina woimira iye, adzakhale nanu pansi Lamlungu mukaweruka kutchalitchi. Akakana zimenezo, undilemberenso.

Azakhali