Funsani Anti a Zamasewero: Kodi timu ya Temwa mwini wake ndani?

FUNSO

Anti, ndimasoka nsapato pafupi ndi msika wa Chilomoni. Loweruka lapitali tinatsutsana ndi alamu anga mpaka nsima inazizira m'mbale. Iwo akuti timu imene Temwa Chawinga watchukirako ku America ndi nthambi chabe ya timu ya amuna, monga ilili timu ya amayi ya Maule kapena ya Manoma kuno kwathu. Ine ndikuti ayi, koma umboni ndilibe. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 2, yemwe mpira unamulowa m'magazi, anamva mkangano wonsewo ndipo akudikira. Timuyi inachokera kuti?

Bambo a ku Chilomoni

YANKHO

Bambo, alamu anuwo akugulireni Fanta. Timu ya Temwa, Kansas City Current, si mwana wa timu ya amuna. Mumzindamo ilimodi timu ya amuna, Sporting Kansas City, koma eni ake ndi ena, thumba lake ndi lina.

Komabe musawaseke kwambiri, chifukwa timu ya amayi ya mumzindawu inafapo kamodzi, maliro ake n'kulirika.

Pamene NWSL, ligi ya mpira wa amayi ya ku America, inkayamba mu 2013, mumzindamo munali timu yotchedwa FC Kansas City. Sinali timu yamasewera ayi. Inatenga ukatswiri wa ligi mu 2014, n'kubwerezanso mu 2015, maulendo onse awiri itagonjetsa Seattle Reign mu ndime yotsiriza. Koma zikho sizilipira lendi. Timuyo inalibe bwalo lakelake, inkangosamukasamuka m'mabwalo obwereka, anthu obwera kudzaonera anali ochepa, ndipo kumapeto kwa 2017 inathetsedwa. Osewera ake anawanyamula onse ngati katundu wa pa lole kupita nawo ku Utah, kumene kunabadwa timu ya Utah Royals. Tangoganizani, akatswiri a dziko lonse kawiri, patangotha zaka ziwiri dzina lafufutidwa.

Kumapeto kwa 2020 nako ku Utah zinthu zinasokonekera, ndipo osewera anabwezedwa ku Kansas City. Apa ndi pomwe panatulukira banja la Angie ndi Chris Long, anthu a bizinesi ya zachuma, pamodzi ndi Brittany Mahomes, yemwe naye anasewerapo mpira. Mwamuna wake, Patrick Mahomes, katswiri wa mpira wachimereka uja wovala zipewa zolimba, anadzalowa nawo m'gulu la eni timu mu 2023. Chaka choyamba, 2021, timu inkasewerera pa bwalo la baseball ndipo inathera kunsonga kwa mchira. Dzina loti Current inalitenga chakumapeto kwa chaka chimenecho. Tanthauzo lake ndi mphamvu ya madzi oyenda mumtsinje, poti mzindawu uli m'mbali mwa mtsinje wa Missouri. Mu 2022 inafika mu ndime yotsiriza koma Portland Thorns inaikwapula 2-0.

Tsopano mverani chimene ine chimandilanda tulo. Eni akewa anamanga malo ochitira zokonzekera a timu yokhayi, kenako n'kumanga bwalo lenileni m'mphepete mwa mtsinje uja. Dzina lake ndi CPKC Stadium, mumalowa anthu 11,500, ndipo linadya ndalama zoposa madola 100 miliyoni. Linatsegulidwa pa 16 Malichi 2024, ndipo limadziwika kuti ndi bwalo loyamba pa dziko lonse kumangidwira timu ya amayi osewera mpira ngati ntchito. Tsiku lotsegulira anachinya Portland yomwe ija 5-4.

Mwina muona ngati ndikukokomeza nkhani ya bwalo. Mwezi wathawu ndinali pa bwalo la sukulu ina kuno ku Blantyre. Atsikana anafika nthawi yabwino, koma anapeza anyamata akadali pa bwalo, ndiye anakachitira zotenthetsa thupi m'mbali mwa munda wa chimanga. Povala jezi, awiri anagwira chitenje uku ndi uku, anzawo n'kumasinthira kuseri kwake mmodzimmodzi. Goloboyi wawo, mtsikana wamtali wosalankhulalankhula, anavala magolovesi osiyana mitundu, lina lobooka chala chachikulu. Masewero anayamba dzuwa litapendeka ndipo oyimbira anadulako mphindi kuopa mdima. Ine ndinakula ndikumenya chikulunga ku Ndirande mpaka aphunzitsi anatiuza kuti asungwana malo awo ndi ku ntchemberembaye. Zaka zonse zapitazi, chitenje chija chidakalipobe.

Tibwerere kwa Temwa. Mwana wa ku Rumphi ameneyu anadutsa pa Blantyre Zero kuno kwathu, n'kutsatira mkulu wake Tabitha ku Kvarnsvedens ku Sweden, kenako ku Wuhan ku China. Mu 2023 anathandiza ma Scorchers kutenga chikho cha COSAFA koyamba, titagonjetsa Zambia 2-1. Ku Kansas City anafika mu 2024, chaka chomwecho cha bwalo latsopano, ndipo anamwetsa zigoli 20 mu ligi, kuphwanya mbiri ya zigoli 18 imene Sam Kerr wa ku Australia anaika mu 2019. Panalibe timu ndi imodzi yomwe mu ligimo imene sanaigoletse. Anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse, ndipo mu 2025 ulemuwo anaubwereza, timu yake itathera pamwamba pa ligi. Chondisangalatsa n'chakuti mphunzitsi amene anamulandira, Vlatko Andonovski, ndi yemwe uja anapambana zikho ziwiri ndi timu yomwe inafa ija. Anazungulira, mpaka kukaphunzitsa timu ya amayi ya dziko la America, n'kubwerera pakhomo.

Alamu anu ali ndi kamfundo kamodzi, ndisawamane. Ku Ulaya matimu ambiri a amayi amakhaladi pansi pa matimu a amuna, ndipo njirayo yathandiza ambiri. Lyon ya ku France, kumene Tabitha anapita mu 2024, inakula choncho kuyambira 2004. Kuno nakonso n'zabwino kuti Maule ndi Manoma ali ndi matimu a amayi. Nkhawa yanga ndi yoti ndalama zikavuta pakhomo, mbale yoyamba kuchotsedwa patebulo imakhala ya atsikana.

Mwanayo muuzeni kuti masewero ambiri a ligi imeneyi amachitika kuno tili mtulo, ena cha m'ma 2 koloko usiku, choncho asagonere foni mawa lake kuli sukulu. Kukakhala masewero a amayi ku Chiwembe mupite naye limodzi, alamuwo alipire minibasi. Ndipo poti singano ndi ulusi muli nazo, yang'anani nsapato zake za mpira. Atsikana ambiri amene ndimawaona, yakumanja imakhala itayasamula kutsogolo.