Chopukutira mapazi cha K38,000: ndigule kapena ndisiye?

Mayi wina wa ku Area 25 ku Lilongwe wanditumizira imelo, ndipo ndaona kuti ndiwayankhire pano chifukwa nkhani yawo ili m'makomo ambiri. Mwachidule alemba motere: "Tangolowa m'nyumba ya matailosi oyera, ndipo tili ndi ana atatu. Chaka chilichonse ndimagula chopukutira mapazi cha pamsika cha K7,000, koma dzinja lisanathe chimakhala chitanyenyeka. M'sitolo ina m'tauni ndaona cholimba, cha ulusi wa kokonati, kunsi kwake kuli pulasitiki, cha K38,000. Bambo akunyumba akuti kugula chinthu chongopondapo pa mtengo umenewo n'kutaya ndalama. Kodi ndigule?"

Zikomo mayi polemba. Musanapite kusitoloko, tulukani kaye panja, muime pamene chopukutiracho chizikhala, muyang'ane kumwamba. Ngati khonde lanu lili ndi denga lotuluka bwino, moti ngakhale mvula yamphepo siifika pachitseko, kaguleni, chikutumikirani zaka zingapo. Koma ngati mvula imamenya chitseko ndipo madzi amadikha pakhomo, chisiyeni, chifukwa pamalo otero chidzawonongeka msanga ngakhale chili chodula. Ndalama yomweyo mutha kugulira zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zingagwire ntchito bwino kuposa chimenecho, ndipo ndizitchula kutsogoloku.

Ndiyambe ndi mawu a bambo aja, chifukwa pali pamene ndikugwirizana nawo ndipo pali pamene ndikusiyana nawo. N'zoona kuti chinthu sichikhala chabwino chifukwa choti n'chodula. Koma kunena kuti n'chongopondapo, pamenepo ayi. Chopukutira mapazi chimateteza pansi pa nyumba yanu, ndipo pansipo ndi pamene panadya ndalama zenizeni. Dothi limene ana amabwera nalo kunsapato limakhala ndi mchenga, ndipo mchenga wambiri ndi timiyala ta quartz. Pa muyezo wa Mohs, umene amayezera kulimba kwa miyala kuyambira 1 kufika 10, quartz ili pa 7 pamene galasi wamba lili cha pa 5.5. Kunyezimira kwa pamwamba pa matailosi ambiri ndi kagalasi kopyapyala kamene anawotchera pamenepo kufakitale. Mchenga ukalowa n'kumapondedwa, umakanda kagalasi kaja pang'onopang'ono, ndipo pakapita zaka mumaona njira yothimbirira kuyambira pachitseko kukafika pa mpando. Kuthimbirira kumeneko sikuchoka ndi sopo. Amene ali ndi simenti yopaka polishi amazidziwa bwino zimenezi: pakhomo ndi pamene polishi amayamba kutha.

Ndiye pali katondo wa ku Lilongwe. Kufiira kwake ndi dzimbiri la chitsulo lomwe lili m'dothimo, ndipo likalowa m'mizere ya pakati pa matailosi oyera silituluka mwamasewera. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mumalimbana ndi matope, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mumalimbana ndi fumbi. Choncho funso la kugula chopukutira chabwino ndi lanzeru ndithu, musadzione ngati mukufuna zapamwamba.

Tsopano chimene mwaonacho. Ulusi umenewo amauchotsa ku makoko a kokonati wokhwima, ndipo wambiri padziko lonse umachokera ku India ndi ku Sri Lanka. Mzinda wa Alappuzha, m'chigawo cha Kerala ku India, ndiwo umadziwika kwambiri ndi kuluka zopukutira zimenezi, ndipo fakitale yoyamba ya ntchitoyi kumeneko inatsegulidwa mu 1859. Ulusi wake ndi wokhakhala, umapala dothi kunsi kwa nsapato bwino kwambiri, ndipo suwola msanga poyerekeza ndi ulusi wina wa zomera. Khonje, mwachitsanzo, ndi wolimba akakhala pouma, koma akanyowa amachita mathothomathotho n'kuyamba kufumbwa. Wa kokonati umapirira kuposa pamenepo.

Vuto lili pa pulasitiki ya kunsi ija. Ulusiwo anaudula n'kuuzika mu pulasitikiyo, ndipo pulasitiki siidutsa madzi. Mvula ikagwerapo, madzi amalowa mu ulusi n'kukhala momwemo, alibe kotulukira. Chopukutiracho chimalemera, chimada, chimayamba kununkha chinyontho, ndipo amene wapondapo amalowa m'nyumba ndi nsapato zonyowa kuposa mmene anabwerera. Dzuwa la Okutobala nalo limaumitsa pulasitiki mpaka kung'aluka, ndipo pamene yang'alukapo ulusi umazuka m'magulumagulu. Kunsi kwa chinthu chonyowa chimene sichisunthidwa ndi kumene chiswe chimakonda kumanga njira, ndipo zinkhanira ndi anankalizi amabisalako. Ndi ana atatu oyenda opanda nsapato, zimenezo sindingazinyalanyaze.

Ngakhale khonde lokhala ndi denga lili ndi msampha wake, womwe ndi chizolowezi chathu chokolopa khonde m'mawa uliwonse. Wokolopa amanyamula chopukutira, amakolopa, n'kuchibwezera pansi pasanaume, kapenanso amangochizungulira madzi n'kulowa kunsi. Tsiku ndi tsiku chimamwa madzi ngakhale kunja kuli ng'amba. Ngati mugula, aliyense wokolopa pakhomopo auzidwe kuti chiziimikidwa pakhoma mpaka pansi patauma.

Za mtengo. Musaganize kuti K38,000 yonseyo ikulipira kulimba. Dziko lathu lilibe doko, kotero katundu wochokera ku India amatsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, kapena amadzera ku South Africa n'kubwera pa msewu. Mu mtengomo muli mayendedwe, msonkho, lendi ya sitolo ndi vuto la ndalama zakunja. Chinthu wamba kwawo chimafika kuno chitasanduka chodula. N'chifukwa chake ndimakana kuweruza ndi mtengo wokha. Chigwireni ndi manja.

Koma tiwerengere limodzi ndi manambala amene mwandipatsa. K38,000 ndi zopukutira za pamsika zisanu ndi kachidutswa. Ngati mupitiriza kugula chimodzi pachaka, chodulacho chiyenera kukhala zaka zoposa 5 kuti chibweze ndalama yake, ndipo pa nyumba ya ana atatu zaka 5 ndi zambiri kwa ulusi wa kokonati. Pamenepa bambo apambana. Komabe mwanena nokha kuti cha pamsika chimatha dzinja lisanathe, kutanthauza kuti miyezi yotsalayo pakhomo pamakhala nsanza kapena pamakhala popanda kanthu. Kuti pakhale chopukutira chogwira ntchito chaka chonse mufunika ziwiri, yomwe ndi K14,000, ndipo powerengera motero chodulacho chimabweza ndalama zaka 3 zisanakwane. Pakhonde louma zimenezo n'zotheka. Onjezanipo kuti mitengo siima: kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wa kunja ndiye amayamba kukwera. Cha K7,000 lero sichidzakhala K7,000 zaka zitatu zikubwerazi, pamene chimene mwagula kale chili pakhomo panu.

Ndikanakhala ine pa nyumba ya matailosi oyera ku Area 25, ndikanaganiza mwanjira ina. Pakhomo pali ntchito ziwiri, kupala ndi kuumitsa, ndipo palibe chopukutira chimodzi chimene chimachita zonse bwino. Cha pamsika chija chimafa msanga chifukwa mukuchipatsa ntchito ya kupala matope, pamene icho ndi kansalu kopyapyala komata pa labala wosalimba.

Panja penipeni, pa sitepe yoyamba kapena pamene khonde layambira, pamafunika chopala. Zilipo za labala wokhuthala zokhala ndi mabowo, zimene zimapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira. Matope amagwera m'mabowomo, madzi amadutsa, ndipo kuchitsuka n'kungochinyamula, kuthira ndowa imodzi, basi. Mvula siichiopsa. Ngati njira ya kwanu ili ndi matope omata kwambiri, pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni kachitsulo kopalira nsapato kapena kasefa kachitsulo kogona pansi, kuchokera ku zidutswa zotsala popanga mawindo. Akapake penti kuti kasachite dzimbiri n'kudetsa simenti, ndipo m'mphepete mwake asasiye mosongoka.

M'kati mwa chitseko ndi mmene mumafunika choumitsa, ndipo apa ndimaikira kumbuyo zopukutira za nsanza zimene amayi amaluka kuno kwathu, zija amasomeka tizidutswa ta nsalu m'thumba la chimanga kapena la feteleza mpaka kudzaza. Anthu ena amaziona ngati za osauka, ndipo zimandipweteka, chifukwa pa ntchito yomwa madzi ndi kugwira fumbi losalala zimaposa zambiri za m'sitolo. Zimachapika m'beseni, zimauma pa chingwe, ndipo ndalama yake imapita kwa munthu wa m'dera lanu lomwelo. Sankhani ya nsalu za thonje, monga zidutswa za malaya a kaunjika kapena zotsala kwa atelala, chifukwa za nayiloni sizimwa madzi. Ya mitundu yakuda kapena yosakanikirana imabisa katondo. Gulani ziwiri, ina ikakhala pa chingwe ina ili pakhomo. Chenjezo limodzi: thumba limaterera pa matailosi ndi pa polishi. Sokerani kunsi kwake chidutswa cha labala, cha chubu chakale cha galimoto kapena china chotere, makamaka ngati kumabwera agogo kapena ana amalowa akuthamanga.

Mukatero, cha kokonati chija chimakhala cha pakati, pakhonde louma kutsogolo kwa chitseko, ndipo chimakhalitsa chifukwa matope aakulu atsala kale pa labala. Ngati thumba silikulola zonse nthawi imodzi, yambani ndi cha labala ndi za nsanza, cha kokonati chibwere pambuyo.

Mukaganiza zokagula, nyamulani tepi kapena chingwe. Yezani mpata wa pakati pa chitseko ndi pansi, chifukwa zopukutira za kokonati zambiri zimakhuthala masentimita 1.5 kapena 2, ndipo ngati chitseko chanu kapena chitseko chachitsulo cha kunja chimatsegukira panja, chidzakodwa tsiku loyamba lomwe. Yezaninso m'lifupi mwa khomo. Zambiri zimene zimagulitsidwa ndi za masentimita 40 kwa 60, zazing'ono moti mwana amangochidumpha. Cha 45 kwa 75 kapena chokulirapo chimakakamiza munthu kuponda ndi mapazi onse awiri. Ndingasankhe chachikulu cha mtengo wapakati kusiyana ndi chaching'ono chokongola.

M'sitolomo musachite manyazi. Pindani ngodya imodzi muone kunsi: ngati pulasitiki ikuonetsa mzere woyera kapena ikuthetheka, yauma kale pa shelefu. Tsinani ulusi pang'ono mukoke. Tiulusi tochepa timachoka pa chatsopano chilichonse, koma ngati ukuzuka ndi mizu yake chisiyeni. Lowetsani chala pakati pa ulusi, ngati mwafika pa pulasitiki mosavuta ndiye kuti ulusi ndi wotalikirana ndipo udzagona msanga. Chinyamuleni, cholemera ndicho chili ndi ulusi wambiri ndipo sichiuluka ndi mphepo. Maluwa ndi mawu olembedwa pamwamba ndi penti chabe, imafufutika miyezi yoyambirira, musalipire ndalama yoonjezera chifukwa cha iyo. Mukapeza cholukidwa chonse popanda pulasitiki kunsi, chimenecho chimadutsa madzi ndipo chimauma msanga, kotero chimapirira pakhonde limene mvula imawazako pang'ono.

Kusamala kwake n'kosavuta. Kamodzi pa sabata chitembenuzeni, muchikung'unthe ndi ndodo, musese mchenga wagwawo. Matope akamata, dikirani aume kenako mupale ndi burashi yolimba. Musachiviike m'beseni. Nthawi ndi nthawi chizungulizeni kuti mbali imodzi isathe yokha.

Simunanene ngati nyumbayo ili ndi mpanda. Ngati ilibe, dziwani kuti chinthu chokongola chosiyidwa pakhonde usiku chimatha kusowa, ndipo chopukutira chimene mukuchilowetsa m'nyumba madzulo aliwonse chimabwera ndi dothi lomwe mumalikana lija. Galu wamng'ono naye amakonda kutafuna ulusi wa kokonati. Pa nyumba yopanda mpanda ndingaike cha labala chosakopa maso panja, zabwinozo zikhale m'kati.

Chomaliza ndi nsapato. Ambirife tinakula tikuvula nsapato pakhomo, ndipo alendo ambiri amavula okha asanauzidwe, mwininyumba n'kumati "lowani nazo, musavule." Kwa alendo ulemu umenewo upitirire, chopukutira chabwino chilipo chifukwa cha iwo. Koma ana anu atatu ndiwo amalowa ndi kutuluka kambirimbiri patsiku. Aikireni kashelefu kapena dengu pambali pa chitseko, nsapato za kusukulu ndi zosewerera zizithera pamenepo, m'nyumba azivala masilipasi a m'nyumba okhaokha. Zimenezi zidzachepetsa dothi kuposa chopukutira chilichonse cha m'sitolo.

Bambo muwauze kuti muyendere limodzi pakhondepo tsiku limene mvula yagwa ndi mphepo, muone pamene madzi akulekezera. Pakatsala malo ouma okwana mapazi awiri kutsogolo kwa chitseko, cha K38,000 chija chili ndi pokhala. Ngati mwapeza kuti madzi amafika mpaka kunsi kwa chitseko, ndilembereninso mundiuze kuti chitsekocho chayang'ana mbali iti ndipo denga latuluka motalika bwanji, chifukwa pamenepo tiyenera kuyamba ndi kukonza mmene madzi amatsikira padenga.