Mustang ya 1966 yagona m'shedi zaka 20: ndiyambire pati?

Funso: Achimwene, ine ndimakhala ku Indiana kuno ku America. Mwezi wathawu ndagula Ford Mustang ya 1966 kwa mkulu wina amene anaisunga m'shedi zaka 20 osailiza. Akuti ili ndi injini ya 289, kutanthauza V8 ya makiyubiki inchi 289. Ndikufuna ndiidzutse, ndiwonjezere mphamvu, ndizizungulira nayo Loweruka ndi Lamlungu. Anzanga akuti ndingochotsa injiniyo n'kuikamo ina yaikulupo, ya 347. Ndiyambire pati?

Yankho: Yambirani pansi, achimwene. Boneti musaitsegule kaye. Tengani tochi ndi sikuludiraiva, ikwezeni galimotoyo pa masitandi olimba, mugone chagada.

Mustang za zaka zimenezo zilibe chasisi yapadera ngati ya lole kapena ya pikapu. Ford anazimanga pa maziko a galimoto yawo ina yotchedwa Falcon, ndipo thupi lomwelo ndilo limanyamula injini, masipuling'i ndi zonse. Thupi likadyedwa ndi dzimbiri, palibenso pomangirira chilichonse. Kwanuko ku Indiana amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale chofewa, ndiye ngati galimotoyi inayendapo m'misewu imeneyo, dzimbiri lilipo, funso n'lakuti lafika pati. Bayani ndi sikuludiraiva pansi popondera mapazi, m'zitsulo ziwiri zotsika kuchokera ku injini, ndi pamene masipuling'i akumbuyo amangiriridwa. Chitsulo chabwino chimalira kuti ngwe. Chodyeka chimangoti phwa, sikuludiraiva n'kulowa.

Mukatero tengani ndowa ya madzi muthire m'timipata tili patsogolo pa galasi lakutsogolo, pamene amati cowl. Lowani m'galimoto musuzumire kunsi kwa dashibodi. Madzi akadontha pa kapeti, dziwani kuti cowl inabooka, ndipo ndiyo inaoletsa pansi ponsepo. Malo amenewa sankapentedwa bwino m'kati, masamba a mitengo amaunjikanamo n'kusunga chinyezi. Kukonza kwake ndi kuchotsa galasi ndi mafenda, kuboola timfundo tambirimbiri towotcherera, kenaka kuwotchereranso. Ntchito imeneyi imadya ndalama kuposa zimene anzanuwo akuganiza zogulira injini.

Chachiwiri, musakhulupirire mawu a wogulitsa, werengani nambala ya galimoto. Inadindidwa pa chitsulo cha m'mbali mwa injini kumanzere, ndipo ilinso pa kachitsulo ka pachitseko cha dalaivala. Chilembo chachisanu ndicho chimanena injini imene inatuluka nayo kufakitale. T ndi ya masilinda 6, ya makiyubiki inchi 200. C ndi 289 ya kabuleta ya mabalo (mabowo olowera mpweya) awiri, ya mahosipawa 200. A ndi 289 ya mabalo anayi, ya 225. K ndi ija amati Hi-Po, ya 271. Mukapeza K, imani pomwepo, musadule kapena kuboola kanthu, chifukwa zimenezo n'zosowa ndipo mtengo wake uli pa kukhala monga inabadwira. Mukapeza T koma pansi pa boneti pali V8, werengani manati a pa tayala. Za masilinda 6 zinali ndi manati anayi, mabuleki ang'ono ndi difu yaing'ono, pamene za V8 zinali ndi asanu. Alipo anthu ambiri amene anaponyamo V8 n'kusiya miyendo ya mwana.

Nanga injiniyo ndingoikamo batire n'kuiliza?

Ayi ndithu. Masulani mapulagi onse 8, muthire oilo pang'ono m'silinda iliyonse, musiye masiku awiri kapena atatu. Kenaka ikani soketi ya 15/16 pa bawuti la kutsogolo kwa crankshaft muzungulize ndi manja. Ikakana musaikakamize ndi sitata, mungathyole maring'i. Petulo wa zaka 20 amasanduka ngati vanishi, ndipo fungo lake mudzalimva musanatsegule n'komwe thanki. Tsitsani thankiyo, kapena gulani yatsopano poti kwanuko zilipo ndipo si zodula. Sinthani oilo ndi fyuluta, zulani disitiribyuta, mulowetse kamtengo kachitsulo ka kota inchi pa pampu ya oilo, muzungulize ndi drill chobwerera kumanzere mpaka muone oilo akutuluka pamwamba pa marokala onse. Apo ndiye mungailize.

Ikalira n'kutentha, yezani kompuresheni. Masilinda akamasiyana osapitirira 10 peresenti, utsi wabuluu kulibe, presha ya oilo ili bwino, ine sindingaitsitse injini imeneyo. Chimene ndingatsegule ndi chivundikiro cha kutsogolo kwa injini. Injini zambiri za zaka zimenezo zinali ndi giya ya timing ya mano okutidwa ndi nayiloni kuti isamasokose. Ikakalamba manowo amathothoka, zidutswa n'kukatseka sefa ya pampu ya oilo m'sampu. Ikani tcheni ndi magiya achitsulo, mutsitsenso sampu muitsuke.

Tsopano za 347 zija. Imeneyo si injini imene Ford anaikamo mu Mustang ya 1966. Amaipanga potenga buloko ya 302, kukulitsa masilinda kuchoka pa mainchi 4.000 kufika 4.030, ndi kuikamo crankshaft ya stroke ya mainchi 3.400, pamene 289 yanu ili ndi 2.87. Imakoka zedi, sindikana. Koma ikalowa imaitana anzake: rediyeta yaikulu, giyabokosi yolimba, difu ina, mabuleki ena. Galimoto yoyendera Loweruka ndi Lamlungu, yopepuka chonchi, 289 imaikwanira. Ikani manifodi ya aluminiyamu ngati Edelbrock Performer, kabuleta ya mabalo anayi ya 500 kapena 600 cfm (muyeso wa mpweya umene imalowetsa), ekizozi ya mapaipi awiri, ndipo m'malo mwa mapointi muikemo kachipangizo kamagetsi ka Pertronix m'kati mwa disitiribyuta yomweyo. Kabuleta ya 750 pa injini ya malita 4.7 ingokupatsani mapulagi akuda ndi galimoto yotsamwa mukaponda mafuta. Ndalama yotsalayo, ngati galimotoyo ndi yamanyuwo, gulirani giyabokosi ya T5 ya magiya asanu. Giya yachisanuyo imatsitsa kulira kwa injini pamsewu waukulu, ndipo mudzaiyamikira kuposa mahosipawa 50 owonjezera.

Pali misampha iwiri kwa amene amasakaniza zipangizo za 289 ndi za 5.0 (302 ya m'ma 1980), poti kunja zimaoneka ngati mapasa. Woyamba ndi balansi. 289 ndi 302 zakale zimafuna flywheel ndi damper za maaunzi 28, pamene za kuyambira cha mu 1981 zimafuna za 50. Mabawuti amalowa bwinobwino, koma mukailiza galimoto yonse imanjenjemera ngati chigayo, ndipo mabering'i sakhalitsa. Wachiwiri ndi dongosolo la mawaya a mapulagi. La 289 ndi 1-5-4-2-6-3-7-8. La injini zina za Ford, 351 Windsor ndi 5.0 HO, ndi 1-3-7-2-6-5-4-8. Chimene chimalamula ndi camshaft imene ili m'katimo, osati buloko. Kumbukiraninso kuti Ford amawerenga 1 mpaka 4 mbali yakumanja mukakhala pampando wa dalaivala, 5 mpaka 8 kumanzere, ndipo rota imazungulira chobwerera kumanzere.

Ndamva kuti oilo ndi petulo wa masiku ano amawononga injini zakale. N'zoona?

Za oilo n'zoona, ndipo ine zinandionekera. Camshaft ya 289 ndi ya malifita a pansi posalala, amene amakhuzana ndi chitsulo chinzake mwamphamvu. Chimene chimaziteteza ndi mankhwala a zinki otchedwa ZDDP, ndipo mu oilo wa galimoto zamakono anawachepetsa chifukwa amawononga catalytic converter. Tsiku lina ndinamanga injini ya mtundu womwewu, camshaft yatsopano, zonse zonyezimira. Itangolira ndinaona madzi akudontha pa paipi, ndiye ndinaisiya ikulira pang'onopang'ono ine ndikusaka sipanala. Pasanathe sabata inayamba kugogoda. Nditazula lifita imodzi, pansi pake panali patakumbika ngati supuni, ndipo oilo m'beseni ankanyezimira tizitsulo. Ndinayambiranso ndi ndalama zanga.

Camshaft yatsopano ya mtundu umenewu imafuna kuti ikangolira muikweze pa 2,000 mpaka 2,500 rpm kwa mphindi 20 kapena 30, ndi oilo wa zinki wambiri, chifukwa imadalira oilo wowazidwa ndi crankshaft. Choncho konzekerani zonse isanalire: timing ikhale pafupi, kabuleta ikhale ndi petulo, madzi adzaze. Pakavuta kanthu izimitseni, musaisiye pa idle.

Za petulo n'zocheperapo. Wakale anali ndi mtovu umene unkateteza pokhalira mavalavu a ekizozi. Ngati mahedi mukuwapititsa kale kwa okonza, auzeni aikemo mipando yolimba. Ngati simukuwatsitsa ndipo simukoka ngolo kapena kuthamanga tsiku lonse, yendani nayo, muzingoyang'anira. Chimene chidzakuvuteni msanga ndi ethanol amene ali mu petulo wambiri wa kwanuko, wa E10 (wa 10 peresenti ya ethanol). Amafewetsa mapaipi akale a labala ndi kachikopa ka m'pampu ya petulo. Sinthani zonsezo lisanakwane tsiku loti petulo adonthere pa ekizozi yotentha.

Mnzanga ali ndi ya 1965. Imayendayenda pamsewu ngati bwato, ndipo pokhota imapendekeka moopsa. Kodi ndiike coilover (shock yokhala m'kati mwa sipuling'i) ndi rack and pinion (makina amakono a chiwongolero) pa yangayi?

Musanagule zodulazo, bwezerani kaye zimene zinatha. Galimoto ya zaka pafupifupi 60 imene ikuyendayenda nthawi zambiri vuto lake ndi mabushi ophwanyika, mabojointi, matairodi ndi idler arm. Pa Mustang imeneyi sipuling'i yakutsogolo imakhala pamwamba pa mkono wapamwamba, m'kati mwa shock tower, ndipo mkono wapansi umagwiridwa ndi strut rod yopita kutsogolo. Mabushi a strut rod akatha, tayala limasuntha mukaponda buleki, galimoto n'kukokera mbali. Pamenepa ikani a labala. A polyurethane ndi olimba mopitirira, amakaniza ndodoyo kupindika mpaka imathyokera pa mazinga ake. Ndipo mabawuti onse a mabushi a labala muwamange komaliza galimoto itaima pa matayala ake, osati ili lende pa jeki.

Sipuling'i imeneyo ndiyo ndimaiopa kuposa china chilichonse pa galimotoyi. Gwiritsani chopanira chodzera m'kati, cholowera pamwamba pa tower mutachotsa shock. Zija zokola kunja zimapulumuka.

Mikono yapamwamba ikakhala kuti yatsika kale, chitani chimene Carroll Shelby, womanga galimoto za mpikisano, anachita pa Mustang yake ya GT350 ya 1965, nzeru yochokera kwa injiniya wa Ford dzina lake Klaus Arning. Mumaboola mabowo atsopano omangirapo mkonowo, inchi imodzi kunsi kwa akale, ndipo pa za 1965 ndi 1966 mumawasunthiranso kumbuyo ndi 1/8 ya inchi. Monga inatulukira kufakitale, galimoto ikapendekeka pokhota tayala lakunja limagonera kunja n'kuyendera m'mphepete. Mabowo akatsika, tayalalo limaponda bwino pansi. Mtengo wake ndi kachitsulo kolondolera poboola ndi masana amodzi. Musayeze ndi tepi n'kuboola mwa maso, gulani kachitsuloko. Onjezani sway bar (ndodo yochepetsa kupendekeka) ya inchi imodzi kutsogolo, export brace yomanga ma tower ku khoma la injini, ndi Monte Carlo bar yopingasa pakati pawo, zonsezo zinali pa GT350. Musanamange, pukutani ma tower muone ngati sanang'ambike mozungulira mabowo akale.

Kumbuyo kulibe nkhani yaitali: masipuling'i amasamba atsopano, mabushi ndi mashakolo ake, ma shock abwino. Basi.

Pokachita alainimenti musalole kuti atsatire manambala a m'buku la 1966. Amenewo anali a matayala akale a bias-ply. Pa matayala amakono a radial apempheni caster ya madigiri 2 kapena 3 chakupositivu, camber ya pakati pa 0 ndi theka la digiri chakunegativu, ndi toe-in ya 1/8 ya inchi. Pa 1966 zimenezi amakonza ndi timashimu kuseri kwa mkono wapamwamba, ndiye pezani mkulu amene anazigwirapo, osati mnyamata wongowerenga kompyuta. Mukaiyendetsa ikatero, mudzaona nokha ngati coilover mukuifunabe.

Chimene sindingakuloleni kutuluka nacho pageti ndi master cylinder ya mabuleki ya mphika umodzi. Za 1966 zinali choncho, ya miphika iwiri inayamba mu 1967. Paipi imodzi ikaphulika, mabuleki a matayala onse anayi amathera limodzi. Ikani ya miphika iwiri, mapaipi atsopano, ndi madisiki kutsogolo pamodzi ndi proportioning valve yake, yogawa presha pakati pa mabuleki akutsogolo ndi akumbuyo. Onetsetsani kuti madisikiwo akwana m'marimu a mainchi 14 ngati mukufuna kuwasunga.

Funso lina lachokera ku Lilongwe: Bambo, nditaitanitsa yotereyi kuno, amakaniko athu angaithe?

Angaithe bwino, bambo. Amene anakulira pa kabuleta ndi mapointi sadzaona chachilendo, mulibe kompyuta ngakhale imodzi. Chovuta ndi zida. Mabawuti ake onse ndi a mainchi, pamene m'magalaja mwathu mwadzaza masipanala a mamilimita a Toyota ndi Nissan. Sipanala ya 13 pa bawuti la theka la inchi imalowa mogwedera n'kulisalaza mutu, ndipo ya 14 pa la 9/16 imakana mpaka wina aimenye ndi hamala. Muitanitse seti ya masoketi ndi masipanala a mainchi pamodzi ndi galimotoyo, komanso mabawuti apadera, chifukwa mazinga ake salowana ndi athu.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndiye zimene ndanena za mapaipi a labala zikukukhudzani. Chiwongolero chili kumanzere pamene ife timayenda kumanzere kwa msewu, choncho popitirira lole pa M1 mudzadalira maso a amene wakhala pambali panu. Ndipo musaitsitse ndi masipuling'i afupiafupi monga amachitira anzathu akunjawo. Mahedala a ekizozi ataliatali amalendewera kunsi, ndipo hampu yoyamba ya mu Area 25 idzawaphwanya.