Kansomba kosuzumira m'kabowo, kodi kanakodwa?

FUNSO: Ankolo, ndaonera kavidiyo pa Facebook kosonyeza kansomba kakang'ono zedi kali m'kabowo pathanthwe pansi pa nyanja, kakungotulutsa mutu basi, maso ali tong'o, kumutu kuli ngati timinga. Mng'ono wanga akuti kanalowa mmenemo kali kakhanda ndiye kanakulira momwemo moti sikangatulukenso, ine ndikuti ayi kanakumba kokha kabowoko. Takangana mpaka usiku. Walondola ndani? Wowerenga wanu wa masiku onse.

YANKHO: Mphwanga, nonse awiri mwaphonya, pepani kkkk. Malinga ndi mmene mwafotokozera timinga takumututo, kameneko kayenera kukhala ka mtundu wa spinyhead blenny, asayansi amati Acanthemblemaria spinosa, kamapezeka m'matanthwe a makorali (tizamoyo ta m'nyanja tomwe zigoba zake zimaunjikana n'kupanga matanthwe) m'madzi osaya a ku Caribbean ndi ku Bahamas. Kali m'banja la Chaenopsidae, lomwe pafupifupi lonse limakhala m'nyanja zofunda za ku America, mbali ya Atlantic komanso ya Pacific. Kakakula kwambiri sikapitirira masentimita 3, ndiye musadikire kuti kakulabe ayi, ndi kakakulu kale kameneko.

Tiyambe ndi inuyo. Kansombaka sikakumba, kalibe chokumbira mwala. Kabowoko eni ake ndi ena, nthawi zambiri nyongolotsi za m'nyanja zomwe zimadzimangira kachubu kolimba, kapena nkhono zina zomwe chigoba chake chimakhala chachitali ngati paipi chomatirira pathanthwe. Mwini nyumba akafa kachubu kamatsala pululu, ndiye blenny amangobwera n'kulowa chamchira, mutu kuyang'ana kunja. Thupi lake ndi lowonda, lalitali komanso lopanda mamba, kulowa ndi kutuluka kwake ndi kosavuta.

Mng'ono wanuyo naye mumuuze kuti sikanakodwe. Kamadya tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, makamaka totchedwa copepod, ndiye kamakhala phee pakhomopo kudikira kuti madzi abweretse chakudya, kakaona kamodzi kakudutsa kamangoti vuu kutuluka, kuwakha, n'kubwereranso chamchira momwe muja, zonsezi mwachangu moti mukaphethira simuona kanthu. Mwina mu vidiyomo zinachitika koma inu munali bize kukangana. Maso akenso ndi odabwitsa, lililonse limatha kuyang'ana kwake, lina uku lina uko.

Koma chomwe chimandisangalatsa ine ndi chakuti kwa kansombaka kabowo ndiye zonse. Pothawira nsomba zikuluzikulu ndi pomwepo, podyera ndi pomwepo, chisa ndi chomwechonso. Yaikazi imapita ku kachubu ka yamphongo kukaikira mazira m'kati, kenako basi yabwerera kwawo, yamphongo ndi imene imatsala kulondera mazirawo mpaka ataswa, ndipo tiana tikatuluka timayamba tayandama kaye m'madzi kwa kanthawi tisanatsike kudzafuna kabowo kawokawo. Yamphongo yopanda nyumba yabwino ndiye kuti mbeta sizibwera, n'chifukwa chake pamakhala mikangano yolimbirana mabowo, kuyasamulirana kukamwa, kuopsezana, nthawi zina kulumana ndithu. Msuweni wake wina, sailfin blenny, amachita kuwonjeza: yamphongo imatuluka m'kachubu n'kumatambasula ndi kupinda chipsepse chake chachikulu chakumsana mobwerezabwereza, kuti zazikazi zione komanso amuna anzake adziwe kuti pano pali mwini wake.

Vuto lake lili pomweponso. Spinyhead imakonda mabowo a pamwamba, pa makorali otukuka ngati a elkhorn aja okhala ndi nthambi ngati nyanga, chifukwa kumtundako ndi kumene madzi amadutsa ndi chakudya chambiri. Makorali amenewa anafa ochuluka ku Caribbean m'zaka za m'ma 1980 ndi matenda otchedwa white band, ndipo korali wakufa amaima kwa zaka zingapo kenako n'kugumuka, akagwa nyumba za pamwamba zija zapita nazo.

Kavidiyoko mukaonerenso limodzi ndi mng'ono wanuyo, muchepetse liwiro, maso anu akhale pakhomo pa kabowo. Kakapanda kutuluka mu vidiyo imeneyo musakenso ina, lembani "spinyhead blenny feeding" pa YouTube.