Peugeot 404 yakhala zaka osayenda, kodi ndingoiliza?

Wowerenga wina wa ku Area 25 watilembera kuti malemu bambo ake anasiya Peugeot 404 ya saluni, yoyendera petulo, ndipo yakhala pamiyala kuseri kwa nyumba zaka zoposa khumi. Akufunsa ngati angogula batire n'kuiliza, kapena angoipereka kwa ogula zitsulo.

Achimwene, musaigulitse msanga, koma batire ikhale chinthu chomaliza kugula. Galimoto imeneyi inayamba kupangidwa mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991, n'chifukwa chake zipangizo zake zimapezekabe ngakhale movutikira. Injini yake ya 1,618 cc ndi yolimba. Chimaipha ndi changu.

Yambani ndi kumasula mapulagi onse anayi. M'bowo lililonse thiranimo masupuni awiri a oilo wosakaniza ndi dizilo, musiye masiku atatu kapena anayi. Kenako zunguzani injini ndi dzanja, pogwiritsa ntchito handulo ija akuluakulu ankalizira batire ikafooka, ngati ikadalipo mu buti, apo ayi sipanala pa bauti ya pule ya kutsogolo. Ikakana, musaikakamize. Mphete za mapisitoni zimakhala zamatirira ndi dzimbiri, ndipo sitata ikakoka mwamphamvu zimathyoka n'kukanda mkati mwa masilinda. Onjezerani oilo, dikirani sabata, muziigwedeza pang'onopang'ono uku ndi uku.

Ngati pafunika kutsegula hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, apa mpamene amakaniko achinyamata amalakwitsa. Masilinda a 404 ndi malayina, kapena kuti mapaipi achitsulo ochotseka, omwe amakhudzana ndi madzi. Hedi ikachoka, malayinawo ayenera kupanidwa ndi mabauti ndi mawashala aakulu musanazunguze injini. Mukapanda kutero amanyamuka, zotsekera za pansi pake zimasuntha, ndipo madzi amayamba kulowa mu oilo. Ikatero ndiye kumasula injini yonse.

Tsopano nkhani ya petulo, yomwe kuno kwathu ndi yaikulu. Kuyambira 1982 petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, woyamba anali wochokera ku Dwangwa. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye thanki yomwe yakhala ndi petulo wotsala zaka zonsezi imakhala ndi dzimbiri pansi komanso phula lonunkha ngati vanishi. Tsitsani thanki, itsukidwe, iumitsidwe bwino. Mapaipi onse a labala sinthani, ngakhale akuoneka abwino kunja, chifukwa amang'ambikira mkati. Labala wa mu pampu ya petulo akabooka, petulo amatsikira mu oilo mwakachetechete, choncho nunkhizani kachitsulo koyezera oilo. Kabuleta imasulidwe, timabowo take tipemereredwe ndi mpweya, osati kutokosa ndi waya. Poiliza koyamba, petulo achokere m'kachigubu koyera, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi.

Oilo wakale tayani, fyuluta sinthani, muthire oilo wa 20W-50 pafupifupi malita anayi. Mapointi, tizitsulo ta mu disitiributa todula ndi kulumikiza moto wopita ku mapulagi, atsukeni, mpata wake ukhale 0.4 mm, wa mapulagi 0.6 mm. Moto umayenda 1-3-4-2, koma chenjerani: a Peugeot amawerenga silinda yoyamba kuchokera kumbuyo, cha ku giyabokosi. Wozolowera Toyota akalumikiza mawaya mwa chizolowezi chake, galimoto imangophulika ku ekizozi osalira. Yang'ananinso mu fyuluta ya mpweya ndi kuseri kwa dashibodi, makoswe amamangamo zisa ndipo amatafuna mawaya.

Ikalira, mtima usakutengeni kuti muzungulire nayo mpaka ku Kanengo. Mafuta a mabuleki amamwa madzi, masilinda a m'mawilo amachita dzimbiri, ndipo ma 404 ambiri ali ndi njira imodzi yokha ya mafutawo: paipi imodzi ikaphulika, mawilo onse anayi ataya buleki. Sinthani malabala ndi mapaipi ofewa, muthire mafuta a mabuleki atsopano a DOT 4. Matayala nawo atayeni ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Ku difu musangothira oilo aliyense wa m'botolo, pakuti saluni zambiri zili ndi giya ya mkuwa yomwe oilo wina amaidya.

Zipangizo zing'onozing'ono monga malamba ndi mapaipi mukhoza kuzisaka ku Malangalanga, koma muzitenga chakalecho m'manja kuti mukafananize, chifukwa ogulitsa ambiri 404 sanaionepo. Makaniko funani wachikulire amene anagwirapo magalimoto a kabuleta, osati wodalira kompyuta.

Musanawononge ndalama pa zonsezi, fufuzani blue book ndipo banja ligwirizane kuti galimotoyo ndi ya ndani, chifukwa ku Road Traffic adzafuna zikalata za chuma cha masiye asanasinthe dzina ndi kupereka COF, chikalata chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Mukwawirenso pansi ndi sukuludiraiva, mugogode pansi pa mipando ndi pomwe pakhala masipuling'i a kutsogolo. 404 ya saluni ilibe chasisi chapadera, thupi lomwelo ndi limene limanyamula zonse. Sukuludiraiva ikamalowa m'malo amenewo, kuwotcherera kudzadya ndalama zambiri kuposa injini, ndipo pamenepo kuigulitsa ngati zipangizo kwa wina amene ali ndi 404 yoyenda n'kwanzeru kuposa kuipereka pa sikelo.