Mawu akuti "check" anachokera kwa mfumu ya ku Persia

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene mawu amodzi a Chingerezi akuti "check" amatanthauzira kufufuza, kuletsa, pepala lotengera ndalama kubanki ngakhalenso nsalu ya timabokosi, ndiponso ngati ali paubale ndi "kucheka" kwathu. Ndiyambe ndi mbali yachiwiriyo poti ndi yaifupi: ubale palibe. Kucheka matabwa kapena masamba a ndiwo ndi Chichewa chenicheni, ndipo mnyamata akamati "ndicheke kaye pafoni" wangobwereka mneni wa Chingerezi n'kumuveka malaya a mneni wathu chifukwa chakuti awiriwa amamveka mofanana.

Gwero la mawu akuti "check" ndi "shah", kutanthauza mfumu m'chinenero cha ku Persia, dziko limene lero timati Iran, kumene mfumu yomaliza yodziwika ndi dzinali, Mohammad Reza Pahlavi, inachotsedwa pampando mu 1979. Masewera a chess, amene anthu awiri amasewera ndi tizidole pathabwa aliyense n'cholinga chopanikiza kachidole ka mnzake kotchedwa mfumu, anayambira ku India, anakafika ku Persia, ndipo Aluya atagonjetsa dzikolo m'zaka za m'ma 600 anawatengera mpaka ku Spain. Pamasewerawa, wosewera akaika mfumu ya mnzake pangozi ankachenjeza kuti "shah", ngati kunena kuti samalani mfumu yanu, ndipo mfumuyo ikasowa kothawira ankati "shah mat", kumene kunachokera "checkmate". Mawuwa anadutsa m'kamwa mwa Afalansa n'kukhala "eschec", kenako analowa m'Chingerezi cha m'ma 1300. Dzina lakuti "chess" nalonso ndi mawu omwewa, kungoti ali m'kuchuluka.

Amene anaonererapo masewerawa amadziwa chimene chimachitika panthawi imeneyo. Munthu amakhala atakonza kale zoti ayende apa ndi apo, dzanja lili m'mwamba, koma mnzake akangoti "check" zonsezo zimaima, ndipo saloledwa kuchita china chilichonse kufikira atapulumutsa mfumu yake. Kuimitsidwa mwadzidzidzi kumeneku ndiko tanthauzo loyamba limene mawuwa anatuluka nalo pamasewera, monga dzina komanso monga mneni. Likadalipo m'chinenero cha andale ndi azamalamulo pamene akuti "checks and balances", kunena kuti nyumba ya malamulo, makhoti ndi nthambi yoyendetsa boma azigwirana dzanja kuti wina asapyole malire.

Tanthauzo lakuti kufufuza, limene ambiri timalidziwa kuposa onse, linabwera pambuyo, ndipo m'kuona kwanga njira yake ndi yosavuta kuitsata. Munthu wofuna kuletsa chinyengo kapena cholakwika amaimitsa chinthu, n'kuchiyerekeza ndi china chodalirika, kenako n'kuchilola kuti chipitirire. Popita nthawi, kuyerekezako kunalanda dzina la kuletsako. N'chifukwa chake dokotala akakupimani thupi amati "check-up", ndipo pabwalo la ndege kapena kuhotela mumachita "check in", pomwe dzina lanu amaliona kaye m'kaundula musanalowe.

Cheke cha kubanki chili mumzere womwewu. Poyamba mawuwa ankanena kachidutswa kotsalira m'buku pamene pepala lang'ambidwa, komwe ankakayerekeza ndi pepalalo kuti aone ngati silabodza, ndipo pambuyo pake dzinalo linasamukira ku pepala lenilenilo. Ku Britain amalemba "cheque", kalembedwe kamenenso tinaphunzira kusukulu, pamene ku America amalemba "check", ndipo kumeneko mawu omwewa amanenanso pepala la mtengo wa chakudya kulesitilanti komanso kachizindikiro kochongera yankho lolondola.

Nsalu ya timabokosi sinadzere njira ya kuletsa ayi, koma inachokera ku thabwa loseweretsapo, lomwe lili ndi timabokosi 64 tosinthanasinthana mtundu. Nthambi imeneyi ndi imene imandisangalatsa kwambiri, chifukwa inakalowa mpaka m'thumba la boma la England. M'nthawi ya mfumu Henry I, amene analamulira kuyambira 1100 mpaka 1135, akuluakulu otolera msonkho m'zigawo ankabwera kawiri pachaka kudzafotokoza za ndalama zimene atolera. Ankakhala mozungulira tebulo loyalidwa nsalu ya mizere yopingasana, ndipo wowerengera ankaika timiyala kapena tindalama m'timabokosimo, mzere uwu ndalama zoyenera kuperekedwa, mzere winawo zimene zaperekedwadi, kotero kuti ngakhale wosadziwa kulemba ankaona ndi maso ake pamene paperewera. Tebulo lija linkafanana ndi thabwa la chess, ndipo ofesiyo inatchedwa "Exchequer", mawu ochokera ku dzina la thabwalo. Mpaka lero nduna ya zachuma ku Britain imatchedwa Chancellor of the Exchequer, ngakhale kuti nsaluyo anaipinda kalekale.